Mendulo ya a Kapuku Ikuchedwa

Mu 2020 bwampini wina dzina lake Magawa, wophunzitsidwa ndi bungwe la APOPO ku Tanzania, analandira mendulo yagolide chifukwa chonunkhiza mabomba okwiriridwa ku Cambodia. Zabwino zonse. Koma msuweni wake wa kuno kwathu, a Kapuku, mbewa yotuwa ya m'minda ya ku Chileka ndi Lirangwe, palibe nduna inawatchulapo dzina ngakhale mwangozi.

Taganizani zimene apirira. Namondwe Freddy anadzaza madzi m'mauna mu Marichi 2023. Chaka chotsatira El Niño anawotcha chimanga mpaka boma linalengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28. Anthu anakafola mizere kudikira chimanga chathandizo, koma a Kapuku sanalembetse kwa mfumu iliyonse. Iwo amangodikira mvula. Ikagwa yokwanira, udzu n'kubala njere, ntchito imayambika: bere la masabata atatu, ana khumi pakamodzi si nkhani, ndipo mayi amatha kukhala ndi mawere mpaka 24 kuti pasapezeke wolira. Uphungu wa zakulera anaumva, n'kuthokoza mwaulemu.

Ndi munthu wosadandaula. Mitengo ya m'phiri la Michiru itayamba kutsika m'matumba a makala, tinyama tokonda mthunzi ndi zinyalala za masamba tinasowa pogona. A Kapuku sanakhale nawo pa maliro amenewo, poti kwawo ndi kumunda ndi kutsala. Pogwa mtengo, iwo apeza puloti. Ife tinawonjezanso mphatso. Kadzidzi timamugenda ati ndi wa afiti, njoka timaipha tisanaifunse mtundu. Alonda tinawachotsa ntchito tokha, ndiye tikudabwa chiyani bwanawa akamafukula mbewu usiku wa tsiku lomwe tabzala?

Nanga kuwolowa manja! Akadya chimanga chathu amabweza ndi thupi lawo lomwe. M'mbali mwa msewu wa M1 anyamata amakweza mipani ya mbewa zowiritsa ndi mchere, zouma bwino, ndipo ndalama ya sopo ndi makope imachokera pomwepo. Ngakhale bwana wa galimoto ya magalasi akuda amatsitsa zenera, kuyang'ana uku ndi uku, n'kugula mipani iwiri. Ndi chiweto chiti china chimene chimadzidyetsa chokha, chosafuna khola kapena katemera? Zoti powasaka timayatsa tchire lonse, moto n'kunyeketsa ndi timitengo tomwe tinabzala ndi zolankhula zambiri mu Januwale, umenewo si mlandu wawo. Ambiri a iwo amakhala ali phee pansi pa nthaka, kudikira msipu.

Choncho inu a ku Chileka ndi Lirangwe, ngati mukufuna mlendo wolemekezekayu akhazikike ndi mbumba yake yonse, musasinthe kalikonse. Nolani nkhwangwa, sungani machesi pafupi, ndipo kadzidzi akalira usiku uno mumugende ndithu.