Tiwaombere M'manja a Mng'alu

Dziwe losambiramo likakhala latsopano, aliyense amalitamanda. Koma dziwe la konkire likakalamba, pulasitala wake atatha zaka 10 kapena 15, mumatulukira bwana amene palibe amamuyamika. Lero ndikufuna tiwapatse ulemu wawo akuluakulu amenewa, a Mng'alu.

Poyamba, ndi odzichepetsa. Safika ndi ng'oma. Amayamba ngati katsitsi kamodzi pakona, pafupi ndi masitepe kapena pamene paipi imalowera m'khoma. Komatu ntchito amaigwira usiku ndi usana. Dziwe la mamita 10 mulitali ndi 5 mulifupi likangotsika ndi sentimita imodzi, malita 500 apita. Mwini nyumba amayamba walinamizira dzuwa la Okutobala, kenako n'kukalipira wosamalira maluwa. A Mng'alu ali phee, akuthirira kachere wa kuseri kwa mpanda popanda kupempha malipiro. Mlandu umatha wina akadzaza ndowa, kuikhazika pa sitepe ya dziwe, n'kulemba pamene madzi alekezera mkati ndi kunja. Mawa lake akapeza kuti a m'dziwe atsika kuposa a m'ndowa, dzuwa lapezeka losalakwa.

Chachiwiri, sanama ndipo saiwala. Kontrakitala amene anazembetsa matumba a simenti, amene anachulutsa madzi mu konkire kuti isavute kutakasa, amene anaisiya iume padzuwa osaithirira pamene imafuna masiku 28 kuti ikhwime, onsewo a Mng'alu anawalemba m'kaundula. Amene anamanga pa dothi la makande, lomwe limafufuma m'dzinja n'kung'aluka m'chilimwe, nayenso alimo. Madzi a klorini akafika pa zitsulo za m'kati, dzimbiri limafuna malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya, ndiye limatukumula konkire. Banga lofiirira lija mumaliona pansi pa dziwe ndi chidindo chawo, kutsimikiza kuti lipoti latuluka.

Chachitatu, ndipo apa ndiye pandigwira mtima, salandira ziphuphu. Ambiri ayesapo kuwatseka pakamwa ndi chitini cha penti yabuluu alendo atatsala pang'ono kubwera. Posakhalitsa penti ija imachita matuza n'kuyamba kusupuka, iwo ali pomwepo. Pajatu madzi saiwala khwawa.

Kuti achoke, amafuna mwambo wonse utsatidwe. Madzi apopedwe onse, koma osati mvula ili mkati, chifukwa madzi a pansi pa nthaka amatha kutukula dziwe lopanda kanthu. Kenako mmisiri agwade pansi, hamala m'manja, azigogoda pang'onopang'ono khutu lili tcheru. Pamene palira mogonthera ndiye kuti pulasitala analekana kale ndi konkire, ndipo pagobedwe ndi tchizulo mpaka pafike polimba. Ndani winanso amene mmisiri wamkulu amamugwadira tsiku lonse? Ndipo taonani, pofuna kuwachotsa amayamba wawakulitsa kaye ndi galayinda, kuwatsegula kukamwa kuti mankhwala omatira a epoxy kapena simenti youma msanga ilowe mpaka m'kati. Zitsulo zipalidwe dzimbiri, khoma litsukidwe ndi asidi, lipakidwe mankhwala otchinga madzi kawiri, ndipo pamwamba pake pabwere pulasitala watsopano. Podzaza madzi mpopi usaime panjira, apo ayi mzere udzatsala pakhoma mpaka kalekale. Zikatero mwini dziwe aphunzire kusunga pH pakati pa 7.2 ndi 7.6, poti madzi owawasa amadya laimu wa m'pulasitala n'kuitananso achibale a malemuwa.

Werengani amene adyapo pa ntchitoyi: womanga, womuthandiza, wogulitsa simenti, mwini pampu ya hayala, ngakhale mayi wogulitsa mandasi pageti. Ndi bwana uti amene walembapo anthu ochuluka chonchi osatulutsa khobidi m'thumba mwake?

Choncho ndikupempha kuti a Mng'alu akwezedwe pa udindo. Achoke kumadziwe a anthu ochita bwino, akakhale m'komiti yoyendera milatho, misewu ndi midadada ya sukulu. Safuna galimoto, safuna alawansi, ndipo lipoti lawo amalipachika poyera kuti aliyense wodutsa aliwerenge yekha. Vuto lawo ndi limodzi basi: amalitulutsa kontrakitala atalandira kale cheke chomaliza.