Mbalame Ikatera Pakamera

Akuluakulu anati mbalame ikatera pauta silasika. Uta tinausiya kalekale, anyamata anatengera legeni, koma mwambiwu sunakalambe. Wokayika adzuke m'bandakucha mwezi wa June kapena July, nkhungu itakuta madambo a mtsinje wa Bua kuno ku Mchinji, akaone anthu a mtundu wachilendo: oonerera mbalame.

Anthu amenewa mbalame sadya. Mwamva bwino, sadya. Amavala majuzi awiriawiri, mame kuwanyowetsa mpaka m'mawondo, mano ali gwegwegwe, cholinga n'kungoiona mbalameyo, kuijambula, n'kulemba dzina lake m'kabuku. Ku Ulaya amachita zomwezi m'mbali mwa mitsinje madzi ake ataundana gwa, ndiye chisanu chathu chong'amba zidendenechi kwa iwo ndi masewera. M'Malawi muno muli mitundu ya mbalame yoposa 600, kotero kabukuko sikadzaza lero. Nkhwali ikalira, ife maganizo amathamangira kumphika. Iwo amatontholetsana, n'kuyamba kufufuza pafoni kuti ndi nkhwali ya mtundu wanji.

Tsono kamera zawo zili ndi chimphuno chachitali, choonera nantchengwa ali tsidya lija pachisa chake chachikulu, chija agogo ankatiletsa kuphwasula. Koma pumbwa angoti tere pachimphunocho, mwini kamera thukuta kamukamu, kuzizira konseko. Chipangizo cha mtengo wa ng'ombe zingapo chimangodziwa za patali. Akasuntha, mbalame yauluka. Akapanda kusuntha, chithunzi palibe. Pumbwayo amapukuta mlomo wake mosafulumira, mwinanso n'kusiyapo kamphatso koyera.

Mbalame zomwezi malire sizimawadziwa. Chaka cha 2022 Malawi ndi Zambia anatsegula chipata chophatikizana cha Mchinji ndi Mwami kuti wapaulendo aziima kamodzi kokha. Kakowa saima n'kamodzi komwe: kadzutsa amadyera kumbuyo kwa ng'ombe za ku Chipata, kugona amagona kwathu kuno. Namzeze wa ku Ulaya amabwera ndi mvula, ikamatha n'kumabwerera, chiphaso alibe. Nkhwazi ndiye inanyanya. Ili pambendera ya Zambia, ilinso pachizindikiro cha boma la Malawi, ndipo palibe anaifunsapo kuti kwenikweni kwawo n'kuti.

Komatu mbalame zovuta zenizeni zilibe nthenga. Taganizani za mlonda amene wagwira njinga yosenza matumba a chimanga panjira yozembera pakati pa usiku. Akuunika tochi kumaso, akupeza ndi m'bale wa mkazi wake. “Aa, alamu! Kodi ndinu? Ana ali bwanji kunyumba?” Tochi ija imazima yokha, mabatire ali atsopano.

Nafenso tisadziyeretse. Pa Facebook timalasa andale ali ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 100, muvi uliwonse kubaya pamtima. Koma amalume amene anabwereka ndalama ya feteleza chaka chatha tikudya nawo mbale imodzi, nthuli yaikulu atenga ndi iwo, ife n'kumati, “Onjezerani, amalume, nsima ikadalipo.”

Choncho mukakumana ndi alendo a majuzi awiriawiri akunjenjemera m'mbali mwa Bua, musawafunse kuti ndiwo zili kuti. Bisani legeni m'thumba, muwalondolere komwe kuli chisa cha nantchengwa. Mtengo wolondolera mugwirizane ulendo usanayambe, ndipo ngati mmodzi mwa iwo ndi mlamu wanu, alipiriretu.