Mapiritsi a Agogo ndi Chiperoni

Pa Nkando, Agogo akusenda chinangwa pakhonde. Mdzukulu wawo wophunzira ku KUHeS, ku Blantyre, watulutsa mapepala.

Mdzukulu: Agogo, tikufufuza ngati achikulire mumamvetsa zimene amakuuzani kuchipatala.

Agogo: Msewu wonse wa Midima wakwerera minibasi kudzafunsa ngati ndimamva? Ngakhale sopo osandigulira, amuna anga?

Mdzukulu: Funso loyamba. Mumatha kuwerenga zolembedwa m'buku lanu lakuchipatala?

Agogo: Nali bukulo. Werenga iwe wakuyunivesite.

Mdzukulu: Apa pali HCTZ... kenako... eee...

Agogo: Lemba kuti mdzukulu satha kuwerenga. Adokotala amalemba ngati papalasa nkhuku, mbuli n'kukhala ine.

Mdzukulu: N'zimene ofufuza asinthira masiku ano. Kale ankangoyesa wodwala, pano akuyesanso chipatala ngati chikulongosola zomveka. Namwino amayenera kukupemphani kuti mubwereze zimene wanena.

Agogo: Ndibwereze, mzere utafika kumpanda? Akumbuyo angandidye wamoyo.

Mdzukulu: Komatu BP yanuyi si yamasewera. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo ndi WHO adapeza kuti mmodzi mwa anthu atatu azaka 25 mpaka 64 ali nayo, ambiri osadziwa n'komwe.

Agogo: Mpaka 64? Ife opitirira pamenepo adatiika kale m'manda?

Mdzukulu: Ndiye ndabwera kudzakuwerenganitu! Ndionetseni kathumba ka mankhwala. Mwaona zithunzi izi, dzuwa ndi mwezi? Adachonga padzuwa lotuluka.

Agogo: Ndimatsatira bwinobwino. Dzuwa likangotuluka, piritsi limodzi, madzi pamwamba.

Mdzukulu: Nanga bwanji atsala ambiri chonchi? Mwezi ukuthatu.

Agogo: Sabata yatha kunali chiperoni. Phiri la Mulanje silinaoneke, dzuwa silinaoneke, ndikanamwera chiyani?

Mdzukulu: Agogo! Dzuwalo likutanthauza m'mawa, kaya kuli mitambo.

Agogo: Akanajambulaponso mtambo. Komanso tsiku lamsika sindimwa, pamaliro sindimwa. Timapiritsi timeneti timakodzetsa. Ukufuna ndizidzuka kasanu abusa ali pakati pa ulaliki?

Mdzukulu: Amagwira ntchito choncho, amachotsa madzi ndi mchere m'thupi kuti magazi asathamange. Samwedwa modumphadumpha, ngakhale mukumva bwino.

Agogo: Ohoo! Zimenezotu palibe adandiuzapo. Ndimayesa akundiwononga chikhodzodzo, moti ena ndidagawira mnzanga wakutsidya, amadandaula mutu.

Mdzukulu: Mayo ine! Osagawa, iyeyo akayezetse yekha. Nanga mchere mudachepetsa?

Agogo: Adati ndichepetse m'ndiwo. Za chinangwa chootcha sadanene.

Mdzukulu: Lomaliza. Kuyambira 1 mpaka 5, mumamvetsa bwanji malangizo akuchipatala?

Agogo: Wa 5 amalandira chiyani?

Mdzukulu: Palibe, Agogo.

Agogo: Wa 1?

Mdzukulu: Mwina alangizi azaumoyo angamuyendere.

Agogo: Lemba 1. Uwauze abwere ndi sopo.