Njanji Ikuwodzera, Msewu Ukubuula: Nthabwala za ku Ngungu

Kabwe ndi mzinda wa njanji. Sitima inafika kuno mu 1906, malo ano akutchedwa Broken Hill, kulondola mgodi wa mtovu ndi zinki umene unapezeka mu 1902. Mgodiwo unatsekedwa mu 1994, koma likulu la Zambia Railways likadali konkuno, pamodzi ndi malo okonzera mitu ya sitima ndi mabogi. Chodabwitsa n'chakuti mukaima pakati pa tauni masiku ano, mkuwa wa ku Copperbelt ndi wa ku Congo umakudutsani pamphuno uli pa malole, mu msewu wa Great North, njanji ili poteropo ikuwothera dzuwa. Anthu a m'makomboni a Ngungu, Bwacha ndi Chimanimani anadandaula nazo mpaka malovu anauma. Tsopano amangoseka. Nazi zina zimene zimamveka m'maminibasi, pamsika ndi pometetsa.

Masamu a agogo

Mu Ngungu muli madala ambiri amene anapuma ntchito ku njanji. Mumawadziwira malaya: ngakhale akukagula tomato, kolala imakhala yosita. Mmodzi wa iwo akapita m'tauni kukatenga penshoni, amakhala pamthunzi m'mbali mwa msewu n'kumawerenga malole. Tsiku lina anatenga mdzukulu wake.

"28, 29, 30! Waona iwe? Lole iliyonse matani ngati 30. Zonsezi ndi sitima imodzi, yosakhuta n'komwe. Ife tinkakoka katundu ameneyu anthu atatu: dalaivala, womuthandiza ndi gadi. Lero madalaivala 30, matayala osawerengeka, ndipo aliyense akufuna nsima ya nkhuku pa Kapiri."

Mdzukuluyo, amene anamaliza giredi 12 koma ntchito sanaionepo, anawerenga ndi zala.

"Ndiye agogo, mukuti sitima ikadzuka, anthu 27 apite kunyumba?"

Agogo anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, n'kukhosomola.

"Masamu a masiku ano alibe ulemu," anatero.

Lamulo lafika pakhomo

Boma nalo linaona kuti misewu ikutha ndi kulemera kwa malole. Njanji inali itabwereketsedwa ku kampani ya Railway Systems of Zambia mu 2003. Boma la Michael Sata linailanda mu 2012 n'kuipatsa madola 120 miliyoni kuchokera pa ngongole ya Eurobond, koma eni katundu anakakamirabe msewu. Ndiye mu 2018 kunatuluka lamulo loti 30 pa 100 iliyonse ya katundu wolemera, monga mkuwa, malasha, shuga, simenti ndi mafuta, aziyenda pa njanji.

Mayi wina wa mu Ngungu anazimva pa wailesi akukazinga kapenta. Amuna ake atafika ndi malipiro a pamwezi, anawapeza atakhala kale pakhomo.

"Amuna anga, boma lalamula. Katundu wolemera pakhomo pano ndi envulopu ili m'thumba mwanuyo. Njanji ndine. 30 pa 100 idutse kuno."

Bamboyo anawerenga n'kupereka, mtima uli m'malo poti yambiri yatsala.

"Ndiye 70 yotsalayi ndi yanga?"

"Imeneyo iyenda pa msewu. Koma mukudziwa kuti Kabwe ali pakati pa matologeti awiri. Kum'mwera kuli Katuba, ndiye lendi. Kumpoto kuli Manyumbi, ndiye ufa ndi makala."

"Nanga ine nditsala ndi chiyani?"

"Zimene amatsala nazo madalaivala onse. Malisiti."

Wapaulendo wosafika

Kampani ya boma ya mabasi, UBZ, itagwa chapakati pa zaka za m'ma 1990 mu ulamuliro wa Frederick Chiluba, mabasi a anthu wamba anadzaza misewu: ma Rosa, ma Hiace ndi zimabasi zikuluzikulu. Panabadwanso ntchito zatsopano. Ina ndi yoitanira, ya angwangwazi. Ina ndi yongokhala m'basi mutafungatira chikwama chopanda kanthu, kuti wobwera aziona ngati basi yatsala pang'ono kudzaza. Wokwera weniweni akalowa, inu mumatsika ngati mukukataya madzi, osabweranso.

Mnyamata wina wa ntchito imeneyi anakafunsira mbeta ku Bwacha. Amalume a mtsikanayo anamufunsa:

"Mumagwira ntchito yanji, bambo?"

"Ndili ku mtengatenga, amalume. Basi ya ku Lusaka ndimakwera m'mawa uliwonse."

"Ehe! Ndiye Lusaka mumaidziwa bwino. Mlongo wanga amakhala ku Matero."

"Ayi, amalume, ku Lusaka sindinafikeko. Ine ndimatsikira pomwe ndakwerera."

Tsiku lina tulo tinamuba ali pampando wakumbuyo. Anadzidzimuka pa Katuba kondakitala akumugwedeza phewa.

"Mudala, ndalama!"

"Iwe, ndine wantchito mnzako!"

"Unali wantchito ku Kabwe. Kuno ndiwe kasitomala."

Thumba lolemekezeka

Mayi wina anakwera minibasi m'tauni ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50. Kondakitala analiyang'ana uku ndi uku, n'kuligogoda ndi phazi.

"Amayi, ili lilipira mpando wathunthu."

Mayiyo sanatsutse. Anamasula mfundo ya chitenje, n'kulipirira anthu awiri. Thumba linakhala cha pawindo, iye pambali pake. Atafika pa Ngungu, mayiyo anatsika, anamanganso chitenje chake bwinobwino, n'kukaima pamthunzi manja ali kumbuyo.

"Amayi, katundu wanu!"

"Katundu uti, mwana wanga? Ameneyo ndi wokwera mnzanga, walipira ngati ine. Muuzeni kuti wafika."

Dalaivala hutala, okwera phokoso, dzuwa lili paliwombo. Kondakitala anasenza thumbalo akubuula, thukuta kamukamu, n'kukalitula pamapazi pa mwini wake.

"Mwamutsitsa mwaulemu, Mulungu akudalitseni," anatero mayiyo. "Koma chenje chake simunamupatse."

Kholo la ku London

Mu 1921 anthu okumba mgodi wa Broken Hill anafukula chigaza cha munthu wakalekale, chimene akatswiri akuti chili ndi zaka pafupifupi 300,000. Anapita nacho ku London, ndipo mpaka lero chili ku Natural History Museum, ngakhale dziko la Zambia lakhala likupempha kuti chibwezedwe.

Pometetsa ena mu Ngungu panabuka mtsutso: tsiku lodzabwera kholo lathuli, lidzayenda ngati wokwera kapena ngati katundu?

Aphunzitsi anati ndi katundu, poti adzakhala m'bokosi. Mkulu wa mpingo anati ndi munthu, ndipo kumuika pamodzi ndi matumba a feteleza n'kulaula. Kondakitala wina amene ankametedwa ndevu anatukula dzanja.

"Kwathu sitiwerenga miyendo, timawerenga mitu. Alipira yonse."

"Chifundo, achimwene! Ndalama azitenga kuti munthu wakale chotero?"

"Wakhala ku London zaka zoposa 100. Asatinamize kuti alibe mapaundi."

Oletsedwa kuyenda usiku

Mu 2016 boma linaletsa mabasi a maulendo ataliatali ndi malole kuyenda kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa. Linali lamulo lobadwa ndi misozi, pakuti misewu yathu yadya anthu ambiri mumdima. Koma lamulo lililonse likatuluka, pamapezeka wolikwatira.

Bambo wina anagogoda pakhomo pake tambala atalira kale kachitatu.

"Mwachokera kuti? Munatuluka dzulo mutavala patapata, muli mukukagula mayunitsi a foni."

"Lamulo la boma, amayi. Kuyenda usiku analetsa. Ndinaima pomwe 9 koloko inandipezera."

"Inakupezerani kuti?"

"Mwatsoka, pa bala."

"Lamulolo ndi la mabasi ndi malole. Inu muli ndi matayala angati?"

"Matayala ndilibe, akazi anga, koma katundu ndinali naye wolemera."

Mayiyo anakankha chitseko pang'onopang'ono.

"Malole salowa m'nyumba. Imikani panja pomwepo."

Saluni ya pa TAZARA

Makilomita ngati 60 kumpoto kwa Kabwe kuli Kapiri Mposhi, poyambira njanji ya TAZARA yopita ku Dar es Salaam, mtunda wa makilomita 1,860. Anamanga ndi a ku China pakati pa 1970 ndi 1975, kuti mkuwa wa Zambia upeze njira ina yofikira kunyanja Ian Smith atagalukira Britain ku Rhodesia mu 1965. Ulendo wake, zonse zikayenda bwino, ndi wa masiku pafupifupi awiri.

Mtsikana wina wa mu Ngungu ankapita kukapikula zovala pa msika wa Kariakoo, koma mpamba unali wochepa. Ananyamula chipeso, mafuta a tsitsi ndi meshi. Sitima isanafike ku Serenje anali atayamba mutu woyamba. Pofika ku Nakonde, bogi lonse la amayi linali litawala, ndipo ena a bogi loyandikana anali pamzere. Ku Mbeya analuka Mtanzania wina polankhulana ndi manja okhaokha. Anatsika ku Dar es Salaam mpamba utawirikiza.

Ulendo wina anakwera basi. Anafika msanga, msana ukuwawa, mpamba womwewo.

Mu 2025 kutamveka kuti Zambia ndi Tanzania asainirana mgwirizano wa madola 1.4 biliyoni ndi kampani ya ku China ya CCECC kuti ikonzenso njanjiyo, anzake anamuthamangira ndi uthenga wabwino woti sitima iziyenda mwachangu. Iye anagwira m'chiuno.

"Athamangitse ya katundu, ya anthu aisiye! Mutu umodzi wa zingwe zing'onozing'ono umafuna kuchokera ku Mpika mpaka ku Kasama. Akufuna anthu azitsika ataluka theka?"

Zigoli zili m'njira

Njanji sinangobala mabogi okha, inabalanso timu ya mpira ya Kabwe Warriors. Mu 1972 Godfrey Chitalu, amene ankamutcha Ucar, anamwetsa zigoli 107 m'chaka chimodzi, ndipo bwalo la timuyi lero limatchedwa ndi dzina lake. Lionel Messi atamwetsa 91 mu 2012 dziko lonse n'kumuimbira m'manja, a Zambia anakweza chala, koma bungwe la FIFA linati silisunga kaundula wa zigoli za m'maligi a mayiko, choncho silingatsimikize.

Mnyamata wina wovala jezi ya Barcelona anafuna kuputa mdala wa ku njanji pa bawo.

"Agogo, ngati zigolizo zinalipodi, bwanji a FIFA sanazione?"

Mdalayo anapitiriza kutakata, osatukula mutu.

"Mapepala ake onse tinatumiza, mwana wanga. Tinawakweza sitima ya katundu. Auzeni afatse, ali m'njira."

Mapemphero awiri

Msewu wa Lusaka mpaka Ndola unakhala nthawi yaitali ukuyembekezera kukuzidwa kuti ukhale wapawiri. Edgar Lungu anakhazikitsa ntchitoyo mu 2017 pa mtengo wa madola 1.2 biliyoni, koma sinapite patali. Hakainde Hichilema anaikhazikitsanso mu 2024, makilomita 327, pa mtengo wa madola pafupifupi 650 miliyoni, woti udzabwezedwe ndi ndalama za m'matologeti. Amayi a pamsika atamva kutsika kwa mtengoko anati: "Tikanadikirako pang'ono, akanatipatsa ndi mbasela."

Koma nkhani inavuta pamene kunamveka zoti padzakhala msewu wolambalala tauni ya Kabwe. Mayi wina wa mu Ngungu amagulitsa nsima ndi chimanga chowotcha m'mbali mwa msewu waukulu. Zaka zonsezi wakhala akupemphera ku kwaya kuti Mulungu achotse malole, chifukwa cha fumbi, utsi ndi hutala wa pakati pa usiku. Sabata imeneyo anaimirira ndi pemphero lina: malole asachoke, chifukwa ana adya chiyani.

Abusa anamuitana atatuluka m'tchalitchi.

"Mayi, kumwamba kwalandira mapemphero anu awiri, ndipo akutsutsana. Ayankhe liti?"

"Onse awiri, abusa. Malole adutse kutali, madalaivala adutse kuno."

Ndikadzakula

Aphunzitsi a giredi 5 pa sukulu ina anafunsa ana kuti mkuwa umachokera kuti. Mtsikana wapatsogolo anayankha msanga:

"Umachokera ku Kapiri, umapita ku Lusaka, uli pa lole."

"Nanga ife a Kabwe timapezapo chiyani?"

"Maenje, aphunzitsi."

Aphunzitsi anaona kuti phunzirolo lalowera kwina, n'kusintha funso: aliyense anene ntchito imene adzagwire akadzakula. Wina anati dalaivala wa lole, kuti akaone Durban ndi Walvis Bay. Wina anati woyendetsa sitima ngati agogo ake, anzake n'kumufunsa kuti tulo tambiri chotero adzatitenga kuti. Wina anati wanjinga yamoto, poti imeneyo sidikira kudzaza. Kumbuyo kunatsala kamnyamata kena kakutafuna pensulo.

"Nanga iwe?"

"Ine ndidzakhala tologeti, aphunzitsi."

"Ukutanthauza wogwira ntchito pa tologeti?"

"Ayi, tologeti yeniyeniyo. Dalaivala amatopa, sitima imachedwa, wanjinga amagwa. Koma iyo siyenda, siithira dizilo, siphulika tayala. Imangotukula dzanja limodzi, dziko lonse n'kupisa m'thumba."

Aphunzitsi, amene malipiro awo anali atatha pa tsiku la 10 la mwezi, anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali, kenako anatsitsa mawu:

"Ukadzafuna wothandiza, undikumbuke."