Agogo, nanga chathuchathu n'chiti?

Ndimakhala ndi agogo anga aakazi m'mudzi wina kufupi ndi Mitundu, kumene ukangotuluka pakhomo maso amagwera paphiri la Bunda. Bambo anga kwawo ndi ku Nathenje, ndipo patchuthi ndimakacheza kumeneko. Ndili Fomu 2. Pali mafunso amene akundisowetsa tulo, ndipo aliyense amene ndamufunsa amandiyankha mbali imodzi, inayo n'kuisiya.

Zinayamba ndi nsima. Aphunzitsi a zaulimi anatiuza kuti chimanga si mbewu ya kuno, kwawo ndi ku Mexico, ndipo ku Africa chinafika pa zombo za Apwitikizi chitadutsa chaka cha 1500. Nditaweruka ndinapeza agogo akupeta mphale.

"Agogo, makolo athu asanachione chimanga ankadya chiyani?"

"Mapira ndi mawere, mdzukulu wanga."

"Nanga chija mumapachika pautsi kuti chidzakhale mbewu, bwanji mumati n'cha makolo?"

Anati amayi awo ankabzala chomwecho, chimakonoleka bwino mumtondo, ndipo anankafumbwe sachiboola msanga ngati cha haibulidi chimene mbewu yake timagula chaka ndi chaka. Ndinamva, koma mtima sunakhazikike. Kodi mlendo amagona masiku angati pakhomo kuti asanduke mwana wa pakhomopo? Lero munthu wa kwathu akadya mpunga usiku amati wagona ndi njala, ndipo mu 2017 bungwe la UNESCO linalemba nsima m'kaundula wa miyambo ya anthu a padziko lapansi monga mwambo wa Amalawi. Kodi zikadzapita zaka mazana asanu, zidzukulu zathu zidzati tchipisi cha pachiwaya pa Mitundu n'chamakolo? Ngati zidzatero, cholakwika chilipo? Ngati palibe, bwanji agogo amadandaula akaona ndiwo za chisoso ndi luni zikunyozedwa ndi ife ana?

Funso limene limandivuta koposa ndi la Gule Wamkulu. Bungwe lomwe lija, limene likulu lake lili ku Paris, linalengeza mu 2005 kuti gule wa Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi chuma cha anthu onse. Chaka chilichonse mwezi wa Ogasiti mafumu a kwathu amapita ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia kumwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, gule n'kumavinidwa pamaso pa atsogoleri a mayiko, ndipo wailesi imanena monyadira. Koma kumpingo kwathu mkhristu akapezeka kuti walowa kudambwe amadulidwa. Ndinafunsa bambo kuti chinthu chimodzi chingakhale bwanji chuma ku Paris n'kukhala tchimo kuno kumene chinabadwira. Anandiuza kuti kuwala ndi mdima siziyendera limodzi. Ndinafunsanso agogo aamuna, achimwene awo a agogo, amene ndi mwini mzinda. Iwo anati gule ndiye pemphero lathu lalikulu, mpingo unatipeza tikupemphera kale. Onsewa ndimawakonda, ndipo onsewa sanama kwa ine. Ndiye ndimvere ndani?

Ine sindinavinidwe, choncho za kudambwe sindizidziwa ndipo si zanga kuzinena. Ndimangoona zimene aliyense amaona pabwalo. Kumabwera Kasiyamaliro, Chadzunda ndi Makanja, zilombo zakalekale. Koma kumabweranso Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi Maliya amene dzina lake linachokera kutchalitchi, ngakhalenso galimoto. Zikuoneka kuti makolo akaona chachilendo sankachithawa: ankachitengera kudambwe, n'kuchibweretsa pabwalo chikuvinira ng'oma yathu, anthu n'kuseka, n'kuphunzirapo khalidwe. Nanga bwanji ife zachilendo za masiku ano sitikuzivinitsa choncho? Chikuoneka kwa ine n'chakuti ndife amene tikuvinira ng'oma yake. Kodi n'chifukwa choti kale zinkabwera chimodzichimodzi, wapansi, pamene lero zimalowa zambirimbiri pafoni usiku umodzi?

Pa Nathenje, m'mbali mwa msewu wa M1, pali tinyumba toonetsa mpira. Asuweni anga amatchula osewera onse a Arsenal ndi Liverpool osaphonya, koma nditawafunsa dzina la agogo awo a agogo athu anangoti kukamwa yasa. Achemwali anga asanakwatiwe anawachitira bridal shower, alangizi atagwira maikolofoni, anthu akuponya ndalama. Agogo anakhala kumbuyo osayankhula. Pobwerera anangoti mwambo wa m'nyumba sanenera pa chimkuzamawu, ndi ntchito ya anamkungwi, kuseri. Koma aphunzitsi ena amati zina za kuchinamwali zinkakankhira atsikana kubanja akadali ana, ndipo ine ndikufuna kumaliza sukulu. Kodi n'kotheka kusunga ulemu ndi malangizo aja, n'kutaya zopwetekazo? Amasankha ndani, agogo, boma, kapena ifeyo atsikana?

Za chiyankhulo nazonso sindizimvetsa. Amishoni amene anafika ku Mvera mu 1889, kenako n'kukhazikika ku Nkhoma, anavutika kuphunzira chiyankhulo chathu mpaka Buku Lopatulika linatuluka mu 1922. Agogo anaphunzira kuwerenga ndi buku limenelo. Alendo anaona kuti mawu a Mulungu angakwane m'Chichewa. Koma lamulo la maphunziro la 2013 linati ana aziphunzitsidwa m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, ndipo kusukulu kwathu ukagwidwa ukuyankhula Chichewa umapatsidwa chibalo chotchetcha udzu. Ngati Chichewa chinakwana kunyamula Genesis mpaka Chivumbulutso, chikulephera bwanji kunyamula masamu a Sitandade 2? Chingerezi ndimachifuna, chifukwa ndimalakalaka kudzaphunzira ku koleji ya Bunda, ndipo popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE sungaione. Koma n'chifukwa chiyani kuti ndikwere ndiyenera kuchita manyazi ndi pakamwa pa agogo?

Nditadandaula zimenezi, mnzanga wina wa ku Ntcheu anandidula mawu. Iye ndi Mngoni, koma kwawo ngakhale agogo ake sayankhula Chingoni, Chichewa chinachimeza kalekale. Aphunzitsi a mbiri anawonjezera kuti mu 1968, Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi. Ndinachita manyazi. Ndinkaganiza kuti ife ndife ophwanyidwa okha. Kani nafenso tili ndi phazi lalikulu kwa ena? Kodi Mtumbuka amamva za Chichewa zimene ine ndimamva za Chingerezi?

Agogo amati kale mvula ikavuta, akuluakulu ankathira nsembe paphiri la Bunda, ndipo nkhani za mvula zinkafika mpaka kwa Makewana ku Msinja. Lero paphiri lomwelo pamakwera anthu a mipingo ndi Mabaibulo, kukagona kumeneko akupemphera. Ndinafunsa ngati Chauta amene ankamva aja ndi yemweyo akumva awa. Agogo anayang'ana phirilo nthawi yaitali, n'kunena kuti ndikapale moto.

Sabata yatha amalume anga amene ali ku Joni anatumiza uthenga pa WhatsApp. Amva kuti mwezi wamawa kuli chiliza cha a mfumu ndipo kudzatuluka gule. Akuti ana awo anabadwira ku Johannesburg, amayankhula Chizulu ndi Chingerezi, ndipo sanaonepo Kasiyamaliro. Akundipempha kuti ndidzajambule pafoni ndiwatumizire, anawo adziwe kwawo. Agogo aamuna anena kale kuti chilombo si chojambula mwachisawawa, ndipo amene adzatulutse foni pabwalo adzalipa mbuzi. Amalume sindinawayankhebe, ndipo uthenga wawo ukuonetsa kuti ndinauwerenga.