Ulemu kwa Phungu Wosintha Golo

Dziko lino ladzaza anthu osayamika. Phungu akangochoka m'chipani chomwe chinamunyamula mpaka ku Nyumba ya Malamulo n'kukalowa cholamula, mafoni amachita kupanikizana pa wailesi: wadyera, wa ndale zapamimba, watigulitsa. Palibe amaima n'kuganizira thukuta limene munthuyu amakhetsa. Ine ndiye ndimutamanda, ngakhale nditsale ndekha.

Tiyambe ndi kumvera kwake. Chiyambireni ndale za zipani zambiri mu 1994, sindinamvepo phungu atasintha chipani mwa kufuna kwake. Onse amachita kutumidwa. Amaima pa nsanja, nkhope ili yolemera, n'kunena kuti anthu a kudera kwake amupempha kuti agwire ntchito ndi boma lomwe lilipo kuti chitukuko chifike. Msonkhano womwe anthuwo anagwirizana zimenezi palibe amauona, ngakhale nyakwawa. Anthu omwewo akhala akulirira mjigo ndi mlatho zaka zinayi osamveka, koma pa pempho ili lokha bwana amamva ngakhale kunong'ona. Chodabwitsa n'chakuti anthu a kumudzi satuma phungu wawo kumbali yopanda magalimoto a mbendera. Nzeru za anthu akumudzi musazipeputse.

Nanga liwiro lake? Mu Febuluwale 2005 a Bingu wa Mutharika atatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP, chipani chomwe sichinali pa pepala lovotera mu 2004 chinadzuka chili ndi aphungu makumimakumi. Uko kunali kungotenthetsa thupi. Mpikisano weniweni unachitika mu Epulo 2012. A Mutharika anamwalira Lachinayi pa 5, a Joyce Banda analumbira Loweruka pa 7, ndipo maliro asanaikidwe ku Ndata, ena amene ankalumbirira mtundu wa buluu anali atazindikira kale kuti mtima wawo unali wa olenji chibadwire. Kulira maliro uku ukusoketsa malaya atsopano si ntchito ya munthu waulesi. Mu 2014 boma litabwerera ku DPP, mitima ija nayo inakumbuka kwawo.

Luso lililonse limakhala ndi katswiri wake, ndipo pa ili Amalawi anapereka okha dzina: Chenjigolo, a Uladi Mussa a ku Salima. Anachokera ku UDF, analowa DPP, anayambitsa chawo cha Maravi People's Party, anapita ku PP komwe anafika pogwirizira utsogoleri wa chipani, kenako anabwerera ku DPP. Mu Okutobala 2020 khoti linawalamula kukakhala kundende pa mlandu wogwiritsa ntchito udindo molakwika pa nkhani ya mapasipoti ndi unzika pomwe anali nduna ya zam'dziko. Mu 2023 a Lazarus Chakwera anawakhululukira, ndipo pasanapite nthawi anapezeka ali mu MCP. Wosewera mpira amasintha golo kamodzi, pa nthawi yopuma, ndiponso amadikira wenzulo. Akatswiri athu sadikira wenzulo; amangoona komwe mphepo ikukankhira mpira.

Adani a lusoli amathamangira ku Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko, lomwe limati phungu akachoka m'chipani chimene anasankhidwira n'kulowa china cha m'Nyumbamo, Sipikala alengeze kuti mpando wake ulibe munthu. Koma taonani ntchito zimene phungu wathu walemba kudzera m'gawo limeneli. Maloya adya. Majaji sanasowe chochita, kuyambira pomwe a Mutharika anatumiza nkhaniyi ku khoti mpaka Juni 2007 pomwe khoti lalikulu la apilo linati gawolo lilibe vuto. Chaka chomwecho otsutsa anati Gawo 65 kaye, bajeti pambuyo, ndipo dziko linayenda miyezi ndithu popanda bajeti, a Louis Chimango ali pampando wa Sipikala atamangidwa manja ndi ziletso za khoti. Ngakhale agogo a kumsika amene sanapite kusukulu anaphunzira mawu oti chiletso. Ndi sukulu iti ya kwacha imene ikanaphunzitsa malamulo mwachangu chotero?

Koma phindu lomwe ndimalikonda kwambiri lili m'nyumba za amayi ovina pa misonkhano. Dera la phungu wokhulupirika, amene wakhala chipani chimodzi moyo wake wonse, amayi ake ali ndi nsalu ya mtundu umodzi, yosuluka. Pitani kwa phungu woyendayenda mukaone. Yachikasu ija ndi katani ya pakhomo la kuchipinda. Yabuluu ndi mbereko, ndipo nkhope ya mtsogoleri imaonekera pamsana pa mwana, itakwinyika pang'ono pomwe pali mfundo. Yaolenji amayanikirapo ufa. Ya tambala ili m'sutikesi kudikira tsiku la msonkhano. Mjigo sunabwere, inde, koma ndani anganene kuti m'mudzimo simunalowe kanthu?

Ndiyamikenso kuona patali kwa aphungu oyamba aja. Malamulo a 1994 anali ndi Gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanakwane. Mu 1995 aphungu analifufuta. Akanalisiya, bwenzi anthu akuvutika n'kusaina makalata nthawi ya dzinja m'malo mopalira chimanga, ndipo phungu akanasowa mtendere woti amvetsere bwino zomwe anthu akewo akumutuma.

Ovota, posadziwa kuyamika, amagwetsa aphungu ambiri pa chisankho chilichonse, oyendayenda ndi okhazikika omwe. Zimenezo zisakufooketseni, olemekezeka. Mipando inali 193, kuyambira 2025 ili 229, ndipo Gawo 64 silinabwerere. Ingouzani telala wanu asataye muyezo.