Kupatsa nkuika, koma m'thumba mwa yani?

Mwezi wathawu ndinali ku Joni, ndipo mlamu wanga anafuna kutionetsa kuti kumeneko sanapitire masewera. Anatitengera ku lesitilanti ina ya mu Johannesburg komwe munthu mmodzi amamuikira mafoloko atatu ngati ali ndi pakamwa patatu. Tinalipo asanu ndi atatu. Tinadya, tinamwa, tinaseka. Bilu itangotulukira, itabisala m'kabuku kachikopa, mlamu anakumbukira mwadzidzidzi kuti galimoto waimika malo olakwika. Kabukuko kanatera patsogolo panga.

Ndinakatsegula mmene munthu amatsegulira kalata ya kukhoti. Chakudya ndi zakumwa: malandi 2,400. Pansi pake kamzere kena: 10 peresenti, malandi 240, ati ya wotiperekera chakudya, poti tebulo lathu linali la chigulu. Pansi pa kamzereko panalinso mpata woti ndilembemo ndekha tipu, cholembera atandiikira kale pambali. Ndiye kuti kuthokoza andithokozera kale, koma akufuna aone ngati mumtima mwanga mwatsalako kena.

Apa mpamene mawu a agogo anandinong'oneza: kupatsa nkuika.

Mwambiwu sindikangana nawo. Kungoti kwathu amene amaudziwa bwino ndi wogulitsa. Mayi wa tomato mumsika wa Limbe ukagula milu iwiri, amaponyamo m'jumbo tomato wina mmodzi wophwanyika pang'ono, nkunena kuti basera. Ameneyo waika, ndipo Loweruka likudzali akatapa, chifukwa miyendo yako ikakufikitsa pa benchi yake yomweyo. Tipu yokhayo imene ine ndinakula ndikupereka ndi ya kondakitala wa minibasi, uja amati "chenji mulandira potsika," potsikapo nkupezeka kuti nkhope yako saikumbukiranso.

Tsono ku Joni zinthu zatembenuka, wogula ndiye aike basera. Chabwino. Koma ngati ndikuika, ndiyenera kufunsa ngati munthu wa pa kauntala ya kubanki. Ndikuika mu akaunti ya yani? Ndidzatapa liti, poti mawa lomweli ndikukwera basi ndipo lesitilanti ino sindidzaipondanso? Chiwongoladzanja chake nchiyani, kumwetulira? Nanga ndikalemba ziro pampatapo, ndiye kuti ndatseka akaunti, kapena andilemba m'buku la okana ngongole? Ndinayamba kuwerengera pa zala pansi pa tebulo, uku alendo anzanga akuyang'ana kudenga ngati kwalembedwa nkhani.

Musaganize kuti mutuwu umazungulira ife tokha. Ku America lamulo la boma lalikulu limalola kuti woperekera chakudya azilipidwa madola 2.13 pa ola, ndalama imene sinasunthe chiyambire 1991, pokhulupirira kuti odya akwaniritsa zotsalazo. Kumeneko tipu si mphatso, ndi malipiro amene bwana wakusenzetsa iwe mlendo. Ku Britain anachita kukhazikitsa lamulo, loyamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2024, lokakamiza eni malo odyera kupereka tipu yonse kwa antchito osadulako. Lamulo lotere salemba popanda chifukwa. Alipo amene ankatapa pomwe sanaike. Ku South Africa komweko lamulo la malipiro ochepetsetsa, lomwe linayamba mu 2019, limati tipu isawerengedwe ngati gawo la malipiro. Pomwe ku Japan ukasiya ndalama patebulo akhoza kukuthamangira nayo panja, poganiza kuti waiwala.

Ndili mkati mwa samuyo, mnyamata amene amatiperekera chakudya, yemwe madzulo onse amatilankhula Chingerezi chosalala, anawerama ngati akuchotsa mbale.

"Bambo, musavutike. Teni peresentiyo ndi yomweyo. Mukalembanso pansipo mulipira kawiri."

Chichewa chenicheni, cha kunyanja. Anali wa ku Mangochi, ndipo miseche yathu yonse yokhudza kuchepa kwa nyama anaimva.

"Nanga achimwene, imeneyi imakufikani?"

Anayang'ana kaye cha kukauntala. "Ya pakhadi imayamba yadutsa mu ofesi. Imabwera pakutha pa mwezi, atachotsa za matambula osweka. Ya m'manja imagona m'thumba mwanga lero lomwe."

Pamenepo nthabwala inandithera. Munthu uyu akanangokhala chete ndikanalemba 240 ina, mwina nkumufikako pang'ono. M'malo mwake anandiikira basera wa mtundu wake, wondiuza zoona. Ndipo maganizo anga ndi awa: sindidana ndi tipu, ndimadana ndi bilu yolankhula mokuluwika. Ngati mtengo wa nkhuku sukukwanira kulipira wonyamula mbale, kwezani mtengo wa nkhukuyo tiuone pa menyu tisanakhale pansi. Ngati mwawonjezera kale ya wantchito, nenani poyera, mpata wachiwiriwo muufufute, ndipo ndalamayo ifike kwa mwini wake yathunthu. Tambula ikasweka ndi ya mwini lesitilanti, monga momwe phindu lilili lake.

Ndinalipira 2,640 ya pakhadi, pampata paja ndinajambulapo mzere. Kenaka ndinapinda pepala la malandi 100, lija lili ndi njati kumbuyo, nkumufumbatitsa popatsana moni, mmene timachitira ndi apongozi pamaliro. Anati Lachisanu atumiza kumudzi pamodzi ndi zina, mlongo wake akudikira fizi.

Ine ndinanyamuka Lachinayi. Basi inatikhazika maola ambirimbiri pa Beitbridge, kenaka Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, Zobue, mpaka Mwanza, miyendo itatupa ngati mitanda ya mandasi. Pomwe ndimadinditsa pasipoti, njati ija inali itafika kale ku Mangochi osaima pamzere uliwonse. Agogo sananame: ndinaika ku Joni, nthambi yotapira inali kwathu konkuno, kungoti wotapa ndi mwana wasukulu amene sindidzamuona.

Za mlamu, anabwera bilu itachoka, akupukuta thukuta lomwe panalibe, nkufunsa kuti, "Ah, mwalipira kale?" Kwa iyenso ndinaika. Akubwera pa Khirisimasi, ndipo ndamulonjeza chambo ku Salima, iye ndi banja lonse. Malo oimika galimoto molakwika ndawapeza kale.